Anafunsa ndani? Ana anga a Fomu 2 ndi manambala a mayiko ena

Amene munadutsa ku sekondale kuno kwathu mukulikumbuka funso lija la statistics, lakuti ana khumi analemba mayeso napeza malikisi awa, pezani mean, median ndi mode. Ana khumiwo alibe mudzi, alibe zaka, palibe akudziwa kuti mayesowo anali a chiyani, mwana amangophatikiza manambalawo nkugawa ndi 10, tachonga, basi tiyeni mutu wina. Amakhoza ndithu, sindikutsutsa. Koma mwana yemweyo akamva pa wailesi kuti kafukufuku wapeza zakutizakuti amangomeza zonse osatafuna, apo ayi amanena zija amalemba amalume ake pa Facebook nthawi ya zisankho, "bodza ilo, ine sanandifunse". Mean amaidziwa kuwerengera koma sadziwa funso loti afunse akapatsidwa nambala, ndipo kwa ine apa mpamene pali phunziro lenileni.

Ndimaphunzitsa masamu pa CDSS ina ya kumudzi, ndipo kwa materemu angapo tsopano mutu umenewu ndimauphunzitsa ndi manambala a anthu enieni, ena a kuno ena a kunja. Chinandiyambitsa ndi pulogalamu ina yotchedwa CensusAtSchool. Inayamba ku Britain mu 2000 ndi anthu a Royal Statistical Society amene anali pa Nottingham Trent University, kenako South Africa inalowamo mu 2001, chaka chomwe ankachita kalembera wawo, New Zealand inayamba mu 2003, ndipo Australia, Canada, Ireland, Japan ndi America analowamonso pa nthawi zosiyanasiyana. Mmene imayendera ndi mophweka: ana a sukulu amayankha mafunso okhudza iwo eni, msinkhu wawo mu masentimita, kutalika kwa phazi, kutalika kwa mikono akaitambasula, amagwiritsa ntchito dzanja liti, amapita bwanji kusukulu ndipo zimawatengera mphindi zingati, zinthu ngati zimenezo. Mayina salemba. Mayankho onse amakaunjikidwa pamodzi ndipo mphunzitsi aliyense akhoza kulowa pa intaneti nkupempha kuti kompyuta imutolere mwachisawawa ana mwakuti a zaka zakuti, imakupatsa tebulo. Dzina la Malawi simulipeza pa mndandandawo, nde gawo lathu timadzipangira tokha.

Pulojekita tilibe, magetsi ndi a mwayi, netiweki imagwira bwino ukaima cha kuseri kwa sitafu rumu. Ndiye ndimachita dawunilodi tebulo la ana a ku New Zealand ndikapita ku boma, nkukapulintitsa pa ka shopu ka fotokope, kenako ndimadula pepalalo ndi sizasi mzere uliwonse pawokha kuti kapepala kamodzi kakhale mwana mmodzi. Izi zimathandiza kwambiri kuposa mmene mungaganizire. Mwana akagwira kapepala kolembedwa kuti mtsikana, zaka 14, masentimita 163, amapita pa basi, amayamba kumuona ngati munthu, ndipo ndikati sanjani timapepalati kuyambira wamfupi mpaka wamtali pa desiki, median sifunikanso kulongosola, ndi uja wapakatiyo, amamuloza ndi chala.

Tsiku loyezana ndiye la phokoso, ahedi amachita kusuzumira kuti kwagwanji. Tepi timabwereka kwa atelala a pamsika, timaikhomerera pakhoma ndi tima misomali, aliyense avule nsapato, chidendene chigunde khoma, mnzake aike rula pamutu nkulemba ndi choko. Pomwepo mikangano imayamba ndipo ine ndimangoisiya. Wina akuti rula inapendekeka, wina akuti uyu ananyomphoka pang'ono, gulu lina layeza munthu mmodzi kawiri lapeza 158 ndi 160, nde zoona ndi ziti Madamu? Ndimawauza kuti vuto limenelo anthu a ku NSO, ofesi ya boma yoona za kalembera ndi kafukufuku ku Zomba, amakumana nalo akamayeza ana m'midzi, nchifukwa chake amayamba aphunzitsidwa kaye kayezedwe kamodzi onse. Mikono nayo imawadabwitsa: ukatambasula manja onse awiri nkuyeza kuchokera pa chala chapakati mpaka chinzake, nambala yake imayandikana kwambiri ndi msinkhu wako. Sakhulupirira mpaka atajambula timadontho pa galafu nkuona tikukwera motsatana, kenako tikaikapo ta ana a ku New Zealand ndi choko cha mtundu wina nato tikutsata njira yomweyo. Pamenepa pamakhala kachete kenakake mkalasi kamene sindikaona ndikamaphunzitsa ma logarithm.

Kuyerekeza ndi kumene kuli nkhani. Mwachangu ana amafuna kudziwa kuti wamtali ndani, ife kapena iwo, ngati ndi mpira. Koma kalasi la Fomu 2 kwathu kuno muli wa zaka 13 muli wa zaka 19, ena anayamba sukulu mochedwa, ena anabwereza Sitandade 8 kuti asankhidwe, ena anasiyako kaye nkubwerera. Ku New Zealand ana a Year 10 pafupifupi onse amakhala a zaka 14 kapena 15. Nde ukatenga avareji ya kalasi lathu nkuyerekeza ndi yawo ukuyerekeza anyamata ometa ndevu ndi ana amene akukulabe. Sindiwauziratu izi. Ndimawasiya awerengere, akondwere kapena akhumudwe, kenako ndimangofunsa kuti tayang'ananinso pa timapepalato, pa zaka palembedwa chiyani. Amene wazindikira koyamba amakuwa yekha, ndipo amayambiranso kusanja potengera zaka, anyamata paokha atsikana paokha, osauzidwa ndi munthu.

Funso limene ndimalikonda kuposa onse ndi la dzanja. Padziko lonse amati pafupifupi munthu mmodzi pa 10 aliwonse ndi wamanzere, ndipo mu timapepala ta kunja amanzere amapezeka ndithu. M'kalasi mwathu ukafunsa kuti umalembera dzanja liti amanzere amachepa modabwitsa. Ndinawafunsa kuti kodi ndiye kuti Amalawi sitibadwa amanzere? Mnyamata wina wa kumbuyo, wosayankhulayankhula, anati "Madamu ine ndimalembera lamanja koma legeni ndi mwala ndimaponyera lamanzere, agogo ankandimenya padzanja ndikamadyera nsima kumanzere." Atangotero ena awiri atatu anayamba kuseka nkuvomera kuti nawonso zinawachitikira, wina anati anamusinthitsa ndi aphunzitsi a Sitandade 1. Nde taonani, funso ndi la dzanja lomwelo, koma kuno likuyeza china, likuyeza amene anapulumuka kwa agogo. Tinasintha funsolo kukhala lakuti umaponyera dzanja liti, manambala anasintha. Palibe buku limene likanawaphunzitsa bwino kuposa pamenepa kuti kafunsidwe kamasintha yankho.

Za ulendo wa kusukulu nazo zili ndi zake. Pa timapepala ta ku New Zealand pali oyenda pansi, a galimoto, a basi, a njinga, ena a sitima, ndipo ana anga amaseka kuti mwana wa sukulu kukwera sitima tsiku ndi tsiku eti. Kwathu pie chart yake imakhala pafupifupi mtundu umodzi, wapansi, ndi kachidutswa ka njinga. Koma mphindi ndi zimene zimaphunzitsa. Ambiri alibe wotchi, nde amangoti 30, 60, wina 90, simupeza wolemba 37 kapena 52, galafu imachita misongamisonga pa manambala ozungulira. Zomwezi zimachitika m'makalembera a mayiko ambiri, anthu osadziwa bwino chaka chobadwa amakonda kutchula zaka zothera ndi 0 kapena 5, ndipo akatswiri ali ndi njira zoyezera kuti vutoli ndi lalikulu bwanji. Apanso mpamene mean ndi median zimasiyanirana pamaso pawo. Tinene kuti ana anayi amayenda mphindi 20 aliyense ndipo wachisanu amachokera kutsidya kwa mtsinje, mphindi 120. Mean ikuti 40, koma palibe ngakhale mmodzi amene amayenda mphindi 40. Median ikuti 20, ndipo yamuiwala wa kutsidya uja. Ndimawafunsa kuti mutakhala mukupempha hositelo kwa a khansala mungatchule nambala iti, nanga mutakhala a khansala osafuna kumanga mungatchule iti. Mayankho ake amakhala a ndale zenizeni.

Data yeniyeni imabweranso ndi zinyalala zake. Mu tebulo la kunja mumapezeka mwana wolemba kuti ndi wamtali masentimita 16, kapena nambala ina yoti ngakhale chitseko sangalowe, kaya analakwitsa potaipa kaya ankangosewera. Poyamba ana amafuna kungoiphatikiza chifukwa yalembedwa ndi kompyuta. Ndimawasiya aone mmene nambala imodzi yopenga imakokera mean yonse, kenako tikambirane kuti tiitaye kapena ayi, ndipo tikaitaya tilembe kuti tataya ndi chifukwa chake.

Pali funso limodzi limene ndimalisamala, lakuti wadya chiyani m'mawa uno. Kunja ndi funso wamba, ena mkaka ena buledi ena zipatso. Kuno ukalifunsa mu Januwale kapena Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, ukufunsa chinthu chimene mwana sangafune kuti mnzake wa pa desiki achidziwe. Nde ili sitikweza manja. Aliyense amalemba pa kapepala kopanda dzina, apinde, aponye mu katoni, ndipo amawerenga ndi ana a kalasi lina. Ndimawauza kuti ndi mmene amachitiranso ofufuza enieni, dzina la woyankha silituluka. Akuluakulu a Fomu 4 ndimawaonetsa funso lofanana nalo la Afrobarometer, kafukufuku wofunsa anthu za moyo ndi maganizo awo m'mayiko a mu Africa, limene limafunsa kuti m'chaka chapitachi ndi kangati inuyo kapena wina wa m'banja mwanu anakhala opanda chakudya chokwanira, ndipo munthu amasankha pakati pa sizinachitikepo, kamodzi kapena kawiri, kangapo, kambirimbiri, nthawi zonse. Afrobarometer inayamba mu 1999 ndi mayiko 12, Malawi ali momwemo, tsopano imafika mayiko oposa 30 a mu Africa ndipo funsoli amalifunsa mofanana konseko, nde ukhoza kuika Malawi, Zambia, Ghana ndi Mauritius pa galafu imodzi. Koma ana amafunsa bwino: kodi "chokwanira" kwa munthu wa ku Mauritius ndi chimodzimodzi ndi kwa ife amene tikadya mpunga timati tagona ndi njala chifukwa sitinadye nsima? Funso limenelo ine ndimalipatsa malikisi ngakhale silili pa marking scheme.

Tsopano ku nkhani ija ya "ine sanandifunse". Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17,563,749 m'dziko muno, ndipo Afrobarometer kawirikawiri imafunsa anthu 1,200 okha. Ana akamva izi amati ndiye bodza lenilenitu. Ndimawafunsa kuti mayi anu akafuna kudziwa ngati mchere wakwana mu ndiwo amamwa mphika wonse? Amalawa kasupuni kamodzi, koma amayamba atakasa kaye, chifukwa akalawa pamwamba pomwe angothira mcherewo anamizidwa. Ntchito yonse ya sample ili pa kutakasako. Ofufuzawa amasankha madera mwa maere kuchokera pa mndandanda wa kalembera, akafika m'mudzi amayambira pa malo osankhidwanso mwa maere nkumawerenga nyumba modumphadumpha, m'nyumbamo amasankhanso munthu mmodzi wa zaka 18 kupita m'mwamba, uku akusinthanitsa mwamuna ndi mkazi. Akatero anthu 1,200 amapereka yankho limene kawirikawiri siliphonya kuposa 3 pa 100 aliwonse, m'mwamba kapena pansi. Ndipo kuchuluka pakokha sikuthandiza. Mu 1936 ku America magazini ya Literary Digest inalandira mayankho oposa 2 miliyoni nkulosera kuti Alf Landon apambana chisankho, koma mayina ambiri inawatenga m'mabuku a matelefoni ndi a eni magalimoto, komanso anabweza mayankho ndi okhawo amene anafuna, mapeto ake Franklin Roosevelt anapambana mochititsa manyazi. Wofufuza wina, George Gallup, anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza koma analoza wopambana molondola.

Ndikafika apa ndimawabwezera mpeni womwewo pa manambala athu. Ana a ku New Zealand aja anafika bwanji mu tebulo? Ndi amene aphunzitsi awo analembetsa kalasi, si ana onse a dzikolo. Nanga ife, kodi kalasi lathu likuimira achinyamata a m'dera lino? Amayamba kutchula okha anzawo amene kulibe, uyu anakwatiwa, uyu ali pa kabaza, uyu sanasankhidwe, uyu fizi inavuta, uyu ali ku Joni. Ndiye avareji ya mphindi zoyenda ija mwina ndi yochepa chifukwa amene amakhala kutali kwambiri anasiya kale sukulu. Mtsikana wina ndi amene ananena zimenezi, osati ine, ndipo ndinamuuza kuti ku yunivesite zimenezo amaziphunzira ndi dzina lalitali.

Kwa a Fomu 3 ndi 4 ndimapita patsogolo pang'ono ndi manambala a DHS, kafukufuku wa zaumoyo amene wachitika m'mayiko oposa 90 kuyambira m'ma 1980, kuno amayendetsa ndi a NSO. Njira yake ndinatengera kwa Hans Rosling, dokotala wa ku Sweden amene anagwirapo ntchito ku Nacala ku Mozambique kuyambira 1979 mpaka 1981, kenako nkudzayambitsa Gapminder, bungwe loonetsa manambala a mayiko pa intaneti, pamodzi ndi mwana wake ndi mpongozi wake, anamwalira mu 2017. Iye ankayamba wafunsa anthu kuti aganizire yankho asanawaonetse manambala, ndipo ankaseka kuti ophunzira ake a ku yunivesite ankalephera kuposa mmene anyani ongosankha mwachisawawa akanachitira. Nane ndimatero. Ndimafunsa kuti pakati pa nthawi imene makolo anu anali ana ndi lero, imfa za ana osakwana zaka zisanu zakwera, zatsika kapena zili chimodzimodzi? Ambiri amati zakwera, zinthu zonse zikungoipiraipira Madamu. Kenako ndimalemba pa bolodi: 1992, ana 234 pa 1,000 aliwonse obadwa amoyo. 2000, 189. 2004, 133. 2010, 112. 2015-16, 63. Ndimawauza asinthe kukhala mwana mmodzi pa angati, amapeza kuti tinachoka pa pafupifupi mmodzi pa anayi kufika pa mmodzi pa 16. Homuweki yake ndi kukafunsa agogo kuti anabereka angati ndipo anakula angati, ngati agogowo ali omasuka kukamba, ndipo mawa lake kalasi limayamba kutchula lokha zifukwa, katemera, masikito, ma ARV, azaumoyo a m'midzi, madzi a pa mjigo. Nambala ya ana amene mayi mmodzi amabereka nayo inatsika kuchoka pa 6.7 mu 1992 kufika pa 4.4 mu 2015-16, pamene ku Niger mu 2012 inali 7.6 ndipo ku South Africa mu 2016 inali 2.6.

Tikaika mayiko ena pambali pake mpikisano uja umadzukanso. Zambia inali pa 191 mu 1992, nkufika pa 61 mu 2018. South Africa 42 mu 2016, Kenya 41 mu 2022. Pomwepo wina amati ndiye a Zambia atiposa ndi 2. Ndimawapatsa ntchito yojambula bar graph ya 63 ndi 61 kawiri, koyamba mzere wa m'mbali uyambire pa 0, kachiwiri uyambire pa 60. Pa yoyamba mizati iwiriyo imangofanana, pa yachiwiri wa Malawi umatalika katatu kuposa wa Zambia, manambala omwewo, palibe wanama. Kenako wina amazindikira kuti zaka zakenso nzosiyana, sungayerekeze 2015-16 ndi 2018 kapena 2022 ngati ndi tsiku limodzi, komanso zonsezi zachokera pa sample, nde kusiyana kwa 2 kukhoza kungokhala kwa maere. DHS ya 2015-16 inafunsa amayi opitirira 24,000 a zaka 15 mpaka 49 za mwana aliyense amene anaberekapo, anabadwa liti, ali moyo kapena ayi. Mnyamata wina anafunsa kuti nanga ana amene mayi awo anamwalira amawafotokoza ndani? Yankho ndi lakuti palibe, m'mafunso amenewo salowamo, ndipo akatswiri eni ake amalidziwa vutoli makamaka m'mayiko amene Edzi inatenga amayi ambiri.

Aphunzitsi anzanga ena amandiuza kuti Madamu mukutaya nthawi, silabasi ndi yaitali ndipo pa MSCE sadzafunsa za agogo ndi manzere, adzafunsa standard deviation. Ali ndi mfundo, kalasi la ana ochuluka chonchija kuyezana kokha kumadya mapiriyodi awiri, mapepala ndimagula ndekha, bandulo ndi yanga. Zowerengera zija ndimawaphunzitsabe zonse, frequency table, histogram, standard deviation, ndipo ma past paper timapanga. Kusiyana kwake nkwakuti timawerengera pa misinkhu yawo, nde mwana akapeza kuti mean ya msinkhu wa kalasi ndi masentimita 1,580 amadziwa yekha kuti waphonya penapake chifukwa palibe munthu wotalika ngati mtengo wa bulugamu m'kalasimo, pamene pa malikisi a ana khumi osadziwika aja amangolemba chilichonse chimene kalikuleta yanena. Ndikanati ndinene kuti malikisi a mayeso akwera chifukwa cha njirayi ana anga omwewo angandifunse kuti mwayerekeza ndi kalasi liti Madamu, nde zimenezo sindinena.

Kwa amene mukufuna kuyesa, malipoti a DHS ndi a kalembera amapezeka ulere ngati ma PDF, ndipo Afrobarometer ndi Gapminder zimatsegukanso pafoni. Chitani dawunilodi nkusunga pa fulashi mukapeza netiweki yabwino, chifukwa mu 2025 thandizo la USAID litadulidwa pulogalamu ya DHS inagwedezeka ndithu, zinthu za pa intaneti si zokhulupirira kuti zidzakhalapo mawa. Teremu ikubwerayi ndagwirizana ndi mphunzitsi wina wa ku Chipata amene tinadziwana pa gulu la WhatsApp la aphunzitsi a masamu kuti ana ake ndi anga ayankhe mafunso amodzimodzi sabata imodzi, tidzatumizirane zithunzi za matebulo. Mafunsowo akulemba ndi anawo, ndipo mpaka pano akukanganabe ngati wobwera pa kabaza alowe m'gulu la njinga kapena akhale ndi gulu lakelake.